Ndinakatukwanira Pamwamba pa Phiri

Amene anandilakwira ndi msuweni wanga Fostino, ndipo chida chake chinali sukulu. Ine ndinalekeza Sitandade 5 (tinasemphana ndi aphunzitsi, tizisiye), iye anafika Fomu 4, ndiye chilichonse chotuluka pakamwa pake ndinkangomeza.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira kukhoma ndowa ndi mbaula kwa Che Amidu kumsika wa Ndirande. Munthu waluso, koma kuyamika ayi. Loweruka lina anandibwezera ndowa katatu makasitomala akuona, ati ikudontha. (Inkadonthadi.) Ndinafika kunyumba mtima ukuwira, n'kupeza Fostino akupinda ndege yapepala pakhonde.

"Ukudziwa chimene chimanyamula ndege?" anandifunsa, osaona n'komwe nkhope yanga. "Mpweya. Mapiko amatsamira mpweya ngati mmene iwe umatsamira khoma. Tsono kuli dziko lina amati Mars, mpweya wake ndi wochepetsetsa. Ndege ya ku Chileka singadzuke kumeneko, pokhapokha itakhala ndi mapiko ngati denga la tchalitchi."

"Ndiye ine zikundikhudza pati?"

"Mawunso amayenda mumpweya womwewo. Kumeneko amayenda mochedwa, n'kufera panjira. Kumwezi ndiye ungakuwe mpaka kutsokomola, mnzako ali pompo osamva. Ukamakwera m'mwamba mpweya umanka nuchepa."

Mawu omalizawo ndi amene anandilowa. Zaka zimenezo munthu sunkangoyankhula paliponse, sunkadziwa kuti amene wakhala naye pa benchi akazitula kuti. Tsono kumva kuti kuli malo amene mawu amafera panjira, phiri lili kuseri kwa nyumba, ndinaona ngati mwayi.

Lamlungu Misa itatha ndinatenga ndege yapepala ija n'kuyamba kukwera phiri la Ndirande. Nditafika pathanthwe lina ndinali wefuwefu. Ndinati eya, mpweya wayamba kuchepa. Ndinaponya ndege ija, iyo n'kugwa chamutu pamapazi anga. Umboni wachiwiri. (Zoti inakwinyika m'thumba ndinazikumbukira patapita sabata.)

Ndinayamba pang'ono. "Che Amidu, ndowa zanunso zimadontha." Zii. Ndinakweza mawu. Ndinanena za tiyi wawo wopanda shuga, za njinga yawo yolira ngati mbuzi, za dazi limene amabisa m'chipewa. Mtima unayamba kupepuka, ndinkamva kukoma. Kenako ndinafika pa mpunga umene akazi awo, Abiti Juma, ankatibweretsera masana, ndinati ungathe kumatira mbaula.

Pansi pa thanthwe wina anatsokomola.

Nditasuzumira ndinaona amayi asanu atakhala pamitolo ya nkhuni, akupumula. Wapakati anali Abiti Juma.

"Pitirizani bambo," anatero mofatsa. "Tikumva bwinobwino. Munali pa mpunga."

Lolemba Che Amidu sanakalipe. Anandisiya ndivale epuloni, ndikhale pansi, nditole nyundo.

"Nyundoyo isiye pomwepo," anatero osadzutsa mutu. "Za dazi ndi zoona, za njinganso ndi zoona. Koma mpunga umenewo wadya miyezi isanu ndi iwiri, ukuwonjezera. Pita ukapeze kumene amaphika bwino."

Ntchito imene amalume anga anachita kundipemphera atagwada kwa Che Amidu inathera pamenepo. Ndinabwerera kunyumba dzuwa lisanatenthe, n'kupeza Fostino akuwerenga. Nditamufotokozera anaseka mpaka buku kugwa.

"Ine ndinati Mars, msuweni. Phiri la Ndirande ndi chulu chabe. Mpweya wa pamenepo ndi womwewu wa kumsika, ndipo mphepo ikamatsika imachita kuwanyamula mawu."

Ndinkafuna kumumenya, koma ndinali nditataya kale zokwanira sabata imeneyo. Ndinangomuyandikira n'kumuuza kuti:

"Fostino, ukudziwa mpweya wa dziko limene sudzapondako, koma zoti Lamlungu amayi amatola nkhuni m'phiri sunaziwerenge. Mawa uvale malaya ako a sukulu, tipitire limodzi kwa Che Amidu. Wopepesa ndiwe. Ine ndikangoima kumbuyo kwako, chifukwa ndikatsegula pakamwa, ndili nazo zina zimene sindinamalize."