Tsiku limene ana onse anabwera kusukulu

Pakamwa panga pakanakhala ndi chitseko, bwenzi chaka chimenecho nditakhomapo loko. Ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene pa kasukulu ka mishoni pafupi ndi esiteti ya tiyi, cha ku Nsabwe, masiku amene tinkalemba pa sileti.

Mvula ikagwa tiyi amaphuka kwambiri, ndiye ana ambiri ankapita kukathyola ndi amayi awo. M'kalasi munkatsala ana a akalaliki ndi a akapitawo, ozolowera kale kuona mabuku kwawo. Ndinawayesa amenewo, ndipo anawerenga bwino. Ine mapewa m'mwamba, ulendo ku mishoni kukauza a Namakhwa, mkulu woyendera masukulu, kuti, "Ana anga onse amawerenga, bambo. Onse!" (Sanandifunse n'komwe, ndinangoyamba ndekha.)

A Namakhwa anabwera m'nyengo yozizira, ntchito yothyola itachepa. Ana anadzaza mpaka pakhomo, ena nkhope zawo ndinali nditaziiwala. Okweza manja kutsogolo a Namakhwa anawapitirira, n'kupereka buku kwa mtsikana wa kumbuyo. Mwanayo analigwira chozondotsa, n'kumaliyang'ana mwaulemu kwambiri. Wachiwiri anatsegula n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi (kulimba mtima kwake ndimakusirirabe). Wachitatu anangolira.

Ndinadziwa kuti ntchito yatha basi, ndikagwira khasu la thangata ngati anzanga.

Ana ataweruka, a Namakhwa anandiitanira kuseri.

"Aphunzitsi, kapitawo akafuna kudziwa ngati m'dengu muli masamba abwino, amaona pamwamba?"

"Iyayi bambo, amapisa dzanja mpaka pansi. Abwinowo othyola amawayala pamwamba dala."

"Nanga inuyo munapisa mpaka pati?"



"Simunaname dala," anapitiriza a Namakhwa. "Munayesa amene analipo, n'kulankhulira amene kunalibe. Musananene kuti onse, muzidzifunsa kaye: ndayesa angati, ndi ati, nanga wasowa ndani? Anawanso muwaphunzitse kuganiza choncho, si kuwonkhetsa kokha ayi."

Sanandichotse ntchito. Anandilangiza kuti mvula ikayamba ndiziphunzitsanso masana, othyola aja akaweruka, ndipo kumishoni sanakanene kanthu. Munthu ameneyo ndimamuthokoza mpaka lero.

Ndinafika kunyumba mtima uli m'malo, n'kuuza mayi anga kuti oyendera masukulu onse ndi anthu achifundo kwambiri. Mayi anasiya kupeta, n'kundifunsa kuti ndakumanapo ndi angati.