Agogo Obwereka

Mpaka lero apongozi anga akafuna kuseka amangondifunsa kuti agogo adzuka bwanji. Sindiwadandaula, ndinaziputa ndekha.

Inali nthawi imene tinyumba ta intaneti tinkangoyamba kumene m'tauni ya Lusaka. Ine wa ku Chilenje ndinali nditapeza mbeta ku Kabulonga, dzina lake Taonga, ndipo chinkandidya mumtima n'chakuti ndinalibe mbiri ya kwathu yoti n'kukaonetsa kwa anthu a mipanda yaitali. Za agogo obala bambo ndinkangodziwa dzina, Yotamu Kansengwa, ndi zoti anachokera ku Nyasalande.

Tsiku lina ndinalemba dzinalo pakompyuta (ndi chala chimodzi, ngati nkhuku yojompha chimanga). Makinawo anaganizaganiza, kenaka patsamba lina la zithunzi zakale za amishoni panatuluka bambo wa jekete, tayi pakhosi, Baibulo m'khwapa. Pansi pake dzina lomwelo, mphunzitsi. Ndinalumpha pampando! Mphuno ndinaiona kuti ndi yanga ndithu. Ndinasindikiza chithunzicho, n'kuchiika m'felemu, ndipo m'minibasi ndinaonetsa aliyense mpaka kondakitala.

Azakhali anga a Esinati atachiona anati ndisapite nacho kwa eni mkazi. Ndinati ndi nsanje ya anthu osadziwa kompyuta.

Tsiku lokaonekera azakhali anandiperekeza, ndipo titangomwa tiyi, ndinasolola felemu m'chikwama n'kuyamba ulaliki: magazi a uphunzitsi, banja loopa Mulungu (ndinaimirira ndithu, dzanja pachifuwa). Chithunzi chinayenda m'manja mpaka chinafika kwa mayi a Taonga. Anavala magalasi, anavula, anavalanso.

"Aba ni batate banga," anatero motsitsa mawu. "Mwabatenga kuti?"

Ine, wosaona patali, ndinayankha monyadira kuti ndi agogo anga enieni. Mayiwo anayamba kulira kuti kani bambo awo, mkulu wa mpingo, anali ndi banja lobisa ku Chilenje. Amuna awo anati kumudzi asuweni amakwatirana, koma osati pakhomo pawo. Taonga anasuntha mpando kunditalikira. Ndinaona ukwati ukundipulumuka m'manja, ndipo ndinachita mantha enieni.

Apa azakhali anakhosomola.

"Osalila, mayi, batate banu sibanachimwe. Batate banga banabwela balibe chitupa, ndiye batate banu, munzao wa mu sitima, banababweleka chao kuti bapeze nchito ku mafakitale. Chitupa banabweza. Zina la Yotamu Kansengwa sibanabweze."

Mayi aja anapukuta m'maso, n'kuyamba kuseka mpaka anagwira m'mimba. Ine ndinafunsa dzina lenileni la agogo. Azakhali anati mkuluyo sanalitchulepo, ankaopa apolisi a atsamunda mpaka tsiku lomwalira, atsamundawo atapita kalekale.

Mkazi ndinatenga. Taonga amauza anthu kuti iye yekha ndi amene anakwatiwa n'kubwerera ku dzina la kwawo kwa mayi ake. Chithunzi chinatsala ku Kabulonga, chili pakhoma m'felemu yanga, ndipo ndikachiyang'anitsitsa mphuno ija si yanga n'komwe.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ayi. Intaneti tsopano ili m'foni, masamba a mbiri zakale achuluka, ndipo ndikamva za latsopano ndimalithamangira ngati kale. Ndimatsegula pofufuzira, chala chili m'mwamba, kungoti sindidziwa dzina loti ndilembe.