Nyumba Yopanda Sitepe ku Mpaduwe

Mpaka lero mukafika ku Mpaduwe, mumzinda wa Tete, n'kufunsa za munthu amene anamanga nyumba n'kuukumbira mtsinje njira yolowera, achikulire akulozerani kwathu. Sindikana, ndine ndemwe. Chimene ndimakana n'choti ndinachita chifukwa cha uchitsiru wokhawokha. Munalinso chikondi m'menemo, kungoti ziwirizi zikasakanikirana n'zovuta kuzilekanitsa.

Ine ndi akazi anga aNangozo kwathu ndi ku Angoniya, kumapiri. Nkhondo itafika povuta tinathawira ku Malawi, ndipo tili m'njira iwo anaponda bomba lokwirira pansi, mwendo wakumanzere n'kuthera pabondo. Tinakhala zaka zambiri m'kanyumba ka pamsasa wa othawa nkhondo. Mtendere utabwera tinabwerera, koma pamudzi pathu tinangopeza tchire, motero tinatsikira ku Tete kumene ndinayamba kusenza matumba a mbatata pamsika. Mumtima ndinali ndi lonjezo limodzi, loti ndidzawamangira nyumba yawoyawo, imene azidzalowa ndi kutuluka ndi ndodo zawo popanda wowagwira mkono.

Malo ndinasankha ndekha. Tete ndi wamiyala, ukangoponda molakwika wagwa, ndiye nditaona kumunsi, chakufupi ndi mtsinje wa Zambezi, kuli malo osalala bwino, a dothi lofewa, ndinavina. Ndinadabwa kuti anthu onsewa anawasiyiranji malo okongola chonchi (kudabwa ndinadabwa ndithu, koma kufunsa ayi).

Chakumtunda kwathu kunkakhala aZuze, Mnyungwe wachikulire, mmisiri womanga nyumba. Yawo inakhala pamwamba pa maziko a miyala ofika m'chiuno, ndipo pakhomo panali masitepe asanu. Ataona ndikuyala zidina pa dothi lenilenilo, anatsika n'kuima manja ali kumbuyo.

"Vizinyu," anatero m'Chinyungwe chawo, momwe vizinyu ndi mnansi ndipo lini ndiye kukana, "kuno tin'manga lini tenepo. Kwezani pansipa poyamba, muikepo miyala. Madzi akabwera an'pempha lini njira."

"Madzi ake ati, bambo?" ndinafunsa ndikuseka. "Kuno mvula imagwa ngati yobwereka. Kwathu imagwa mwezi wathunthu, koma nyumba osagwa."

Musandiweruze msanga. Kumapiri madzi amachokera kumwamba n'kuthamangira kumunsi. Ukafolera bwino, khonde n'kulitalikitsa, kenaka n'kukumba kangalande kotaya madzi, wathana nayo mvula. Nzeru zimenezi ndinabadwa nazo, ndipo ndinkaona ngati ndazibweretsa kwa anthu osadziwa. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Komanso ndikayang'ana masitepe asanu a aZuze aja, n'kuyang'ana ndodo za aNangozo, mtima unkandipweteka. Zoti akazi anga azivutika ndi masitepe pakhomo pawo pomwe sindikanalola. Chifukwa chimenechi sindinauze munthu, ngakhale eni akewo.

"Nanga anzathu onsewa akukwezeranji nyumba zawo?" anandifunsa aNangozo tsiku lina.

"Ndi matama chabe, siyirani ine," ndinayankha.

AZuze sanatope nane. Patapita masiku anatumiza ngolo yodzaza miyala, yaulere, kuti mwina ndikaiona ndichita manyazi. Ndinathokoza ndi manja awiri, kenaka ndinamangira miyalayo khola la mbuzi zathu ziwiri, lokwera bwino, kuti agalu asamazivutitse (inde, mwawerenga bwino, mbuzi ndi zimene ndinazikwezera). Mphamvu zonse ndinathera padenga. Mitengo yake ndinasankha yowongoka, malata ndinakhoma misomali yowirikiza. Pomaliza ndinakumba ngalande yakuya kuchokera pakhomo mpaka kudambo, yowongoka ngati chingwe. AZuze ataiona anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

Tsiku lolowa m'nyumbamo sindidzaliiwala. ANangozo analowa okha, natuluka, nalowanso. Anasisita khoma ndi dzanja, misozi ili mbwe. Ine ndinadzimva kuti ndine mwamuna, ndipo kwa miyezi inayi ndinkayenda chifuwa chili patsogolo.

Madzi anabwera masana dzuwa likuswa mtengo. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. M'mawa mwake ndinaona anansi akututira katundu kumtunda, ndipo aZuze anafuula ali pamasitepe awo kuti, "Vizinyu, Zambezi wakwiya! Kumtunda kwa mtsinje kwagwa mvula, bwerani kuno ndi amayi!" Ine ndinayang'ana kumwamba, n'kuwabayibitsa ngati munthu amene wapatsidwa moni. Zoti mvula ingagwe kudziko lina, madzi ake n'kudzakupeza uli thukuta kamukamu, m'mutu mwa munthu wakumapiri sizinkalowa.

Madziwo anayamba ndi kudzaza dambo, mwakachetechete. Kenaka anapeza ngalande yanga. Ine ndinaikumba kuti izitulutsa madzi, koma sindinaiuze kuti njirayo ndi yopita kokha. Ndinaima pakhomo ndikuona madzi ofiira akukwera mwaulemu, molunjika, mpaka kudzanyambita zala zanga zakuphazi. Pakhomo panalibe sitepe, ndiye analowa monga momwe ndinakonzera kuti aNangozo azilowera, popanda wowagwira mkono.

Ndinatenga tsache. Ndikunena zoona, ndinayesa kusesa mtsinje wa Zambezi ndi tsache. Nditaona kuti sizikuthandiza ndinatenga beseni, n'kumatunga madzi m'nyumba kukataya panja, kumene ankabwereranso limodzi nane. ANangozo anali atakhala pabedi, atamanga kale zovala mumtolo.

"Bambo, khomalo likutuluka thukuta," anatero.

Zidina zapansi zinali zitayamba kusungunuka ngati shuga. Apo m'pamene mantha enieni anandigwira, osati a nyumba ayi, koma a munthu amene ndinamuika m'menemo. Ndinawabereka kumsana, mtolo uli pamutu pawo, ndodo zili m'manja, n'kutuluka madzi ali m'mawondo. Ndinayenda mapazi asanu okha. Lachisanu ndi chimodzi ndinaponda m'ngalande yanga yomwe, imene inali itabisika m'madzi, ndipo tonse awiri tinangoti phava! Titavuuka, ndodo imodzi inali ikupita kunyanja. Kumbuyo kwathu nyumba inagwada pang'onopang'ono, denga langa lokongola lija n'kukhala pamadzi lili lathunthu, osadontha ngakhale pamodzi. Mbuzi zinkationerera zili pakhola pawo, zouma, zikubzikula.

Tinafika kwa aZuze ndikuwefuka, pakhonde patadzaza anthu. Ndinawerama kuti ndiwaberekenso aNangozo pamasitepe paja, koma anandikankha.

"Tachokani."

Anagwira ndodo yotsalayo, dzanja lina pakhoma, n'kuyamba kukwera. Imodzi, ziwiri, mpaka zisanu, osapuma. Anafika pamwamba ine ndikadali pansi, kukamwa kuli yasa. Akazi a aZuze anawafunditsa nsalu youma n'kuwakhazika pamphasa. Ine ndinakwera mwamanyazi, n'kukakhala pambali pawo madzi akuchucha.

"Pepani," ndinatero chapansipansi. "Sindinafune kuti muzivutika ndi masitepe. N'chifukwa chake sindinakweze."

ANangozo anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukanakhala bwino.

"Ndiye nkhani yake inali imeneyi? Munandifunsa?" anatero mofatsa. "Bomba linanditengera mwendo umodzi, bambo. Winawu musanditengere inuyo."

Ndinalira pamaso pa anthu onse aja, bambo wamkulu ndevu pepeya. ANangozo anatenga nsonga ya nsalu ija n'kundipukuta matope kumaso, kenaka anayamba kuseka, ati ndikuoneka ngati mvuu. AZuze anayang'ana kumbali, ngati kuti akuwerenga mbuzi.

Madzi ataphwa anasiya mzere wamatope pamtengo wa msawu umene unali pafupi ndi pamene panali nyumba yathu. AZuze anandiimika pamenepo, naloza mzerewo ndi chala, nati pansi pa nyumba payenera kupitirira pamenepo ndi chikhatho chimodzi. Tinasunthira chakumtunda, tinamanga maziko a miyala ndi simenti, mizere yapansi n'kuika njerwa zootcha. Ngalande ndinaikwirira ndekha, m'mawa anthu asanayambe kudutsa. Denga tinangolinyamula n'kuliikanso, ndipo ndimakumbutsa aliyense kuti mbali imeneyo sindinalakwitse. Pa za khomo, ulendo uno ndinafunsa. Ndinanena kuti tikhoza kuthira dothi potsetsereka kuti pasakhale masitepe, koma aNangozo anakana. Anafuna masitepe anayi otakasuka, ndi chitsulo chogwira kudzanja lamanja.

Mungaganize kuti ndinaphunzira. Za madzi ndinaphunziradi, moti ndikaona mlendo akuyala njerwa kumunsi kuja ndimatsika n'kukaima manja ali kumbuyo. Koma zinazi zinandikanika. Tonse takalamba tsopano, ndipo nthawi iliyonse aNangozo akamakwera masitepe awo, ine ndimapezeka ndaima kumbuyo kwawo, manja ndatambasula, ndikunamizira kuyang'ana nkhuku. Iwo satembenuka n'komwe.

"Ndakuonani," amatero. "Bwererani pang'ono, mungandigwetse."

Ndimabwerera phazi limodzi lokha.