Malipiro a papepala a Dizimasi Kamtedza

Inu achinyamata mukundionetsa makalata a ntchitonu, khalani pansi. Ine ndakalambira pawindo lolipirira anthu, ndipo mwambi wa fodya uja ndikudziwa kumene unachokera. Chiyambi chake chinali chotere.

Pa famu ina ku Mchinji panali mlonda wa nkhokwe dzina lake Dizimasi Kamtedza. Ankalandira makwacha makumi anayi pamwezi, malipiro otsikitsitsa amene lamulo linkalola masiku amenewo. Zinali zochepa, sindikukana. Koma nyumba inali yaulere, nkhuni ankangotola, madzi anali apachitsime, ndipo kuseri kwa nyumbayo mkazi wake Nachisale anali ndi dimba la tomato ndi mpiru limene linkadyetsa ana atatu.

Dizimasi anali ndi kachizolowezi koipa. Akatapa fodya wake wonunkhiza, sankamukoka msanga ngati anzake. Ankayamba wakweza chala m'mwamba, fodya ali pomwepo, n'kumalongosola nzeru zake mpaka omvera kutopa.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake Layisoni kuchokera kumzinda, nsapato zikuwala.

"Alamu, mukuvutikiranji kuno? Kwathu mlonda amalandira handiredi twente. Kalata iyi, malo alipo."

Dizimasi anawerenga nambalayo katatu. Anatapa fodya n'kukweza chala.

"Nachisale, wamva? Katatu! Mwezi umodzi kumeneko ndi miyezi itatu ya kuno."

"Ndamva, bambo a Tereza. Koma afunseni alamuwa kuti m'manja mumatsala zingati."

Layisoni anatsokomola n'kuyamba kufunsa za mvula. Munthu wanzeru akanamva chifuwa chimenecho. Dizimasi anangoseka.

"Akazi inu ndi masamu n'kutali. Pepala silinama."

M'mawa mwake anakapereka makiyi kwa kapitawo. Kapitawo anamuchenjeza kuti nyumba imayendera ntchito, ndipo akatuluka alowamo wina tsiku lomwelo. "Alowe, asangalale ndi makoswe," anatero Dizimasi. Nachisale anathirira tomato wake komaliza, misozi ili mbwembwembwe, pakuti anali atayamba kumene maluwa.

Kumzinda anapeza kachipinda kamodzi, anthu asanu. Madzi ogula pa ndowa, makala ogula, ngakhale masamba a maungu, amene kwawo ankaponyera mbuzi, anali ndi mtengo. Dizimasi ankangoti, "Pirirani, mwezi uthe muone."

Mwezi unathadi. Anafika pawindo atavala jekete, ndipo kalaliki anamupatsa envulopu yopyapyala. Anawerenga, nabwerezanso.

"Achimwene, mwalakwitsa. Muno muli sevente faifi."

"Palibe cholakwika, bambo. Msonkho wa boma, msonkho wa mzinda, penshoni, ndi yunifomu mwavalayo."

"Msonkho? Ku famu sankandidula chilichonse!"

"Kumeneko munali pansi pa mzere, boma silinkakuonani. Pano mwakwera, lakuonani. Wotsatira!"

Musaganize kuti ife akalaliki timakondwa nazo. Mawu amenewo ndawanenapo kambirimbiri, ndipo mpaka lero amandiwawa.

Kunyumba anapeza mwini nyumba atakhala kale pakhonde, ndipo mwiniyo anatenga lendi yake, makumi atatu ndi asanu. Zotsala zinali makumi anayi, ndendende malipiro a ku famu aja. Koma apa panalibe dimba, panalibe chitsime, ndipo kuntchito kunali kokwera basi. Pofika pa 12 mwezi wotsatirawo ufa unali utatha.

"Bambo a Tereza, ana adya chiyani? Ndiwaphikire pepala lija?"

"Mwezi woyamba umavuta. Komabe papepala ndine munthu wa handiredi twente."

Anathamangira kwa Layisoni kukadandaula, koma anapeza nsapato zowala zija zili pamsika, mwini wake akuzigulitsa. Mwezi wachiwiri lendi inakwera. Wachitatu Tereza anasiya sukulu, wamng'ono tsitsi linayamba kufiira. Nachisale anamanga katundu osafunsa munthu, ndipo Dizimasi anatsatira pambuyo atanyamula mphasa.

Anafika pa famu paja mwezi wa Ogasiti, mphepo ili kuthamangitsa fumbi. Kapitawo sanawalole n'kukhala pansi komwe.

"Ndinakuuzani, a Kamtedza. Malo ali ndi mwini."

Mwiniyo anali Bizaliyele, bambo wofatsa wosadziwa kuwerenga. Anali atakhala pakhonde la nyumba ija, pamene mkazi wake ankatuluka kudimba ndi dengu lodzaza tomato wofiira, yemwe uja anabzala Nachisale. Nachisale anangoyang'ana kumbali.

Bizaliyele anamva chisoni. Anatulutsa kabotolo ka fodya, kali pafupi kutha, nagawa pawiri.

"Tapani, achimwene, mtima ukhale pansi."

Dizimasi anali atatha milungu itatu osalawa fodya. Anatapa. Bizaliyele anakoka wake nthawi yomweyo n'kuyetsemula mokoma. Koma mnzathu uja, m'malo mokoka, anakweza chala.

"Kodi inu akukupatsani zingati pano?"

"Makumi anayi."

"Ha! Mukudziwa kuti ine kumzinda ndinkalandira katatu kuposa inu? Papepala, kunena zoona, inu kwa ine ndinu mwana. Tiyeni tiwerengere bwinobwino..."

Mphepo inangoti kupe! Chala chinatsala choyera ngati achitsuka. Dizimasi anachinunkhiza, anayang'ana pansi, anayang'ana kabotolo, koma munalibe kanthu. Bizaliyele anayetsemulanso kachiwiri.

Palibe anaseka. Nachisale anakweza mwana kumsana, nasenza mtolo wake, osadziwa kumene akagone usiku umenewo. Atayenda mapazi angapo anatembenuka.

"Bambo a Tereza, nyumba yanga ndi dimba langa munazikweza pachala chomwecho."

Tsono inu, amene mukundionetsa manambala onenepawa, musanatule makiyi kumene muliko, kafunseni kaye zimene zimatsala akadula onse odula. Mawu amene mayi uja anawonjezera pomaliza ndi omwe tikunena mpaka lero: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.