Mkonono wa Mayi Geraghty

M'tauni ya Ballyroon munalibe munthu wosadziwa tulo ta Mayi Dympna Geraghty. Mayiwa ankagulitsa nyama pafupi ndi positi ofesi, ndipo ndiwo anayambitsa kalabu yophunzitsa anthu kuyankhula pagulu. Kaphunzitsidwe kake nkomwe kanali kachilendo. Ankangokhala pampando wakutsogolo, manja pamimba. Munthu ukayamba kubwebweta zopanda mchere, mutu wawo unkagwa, kenaka mkonono wonjenjemeretsa mawindo. Lamulo linali limodzi: mkonono ukalira, khala pansi.

Sankaona nkhope. Khansala wina anabwera ndi mapepala odzaza chikwama, ndipo ali mkati mopereka ulemu kwa alendo, mayi anali atapita kale.

"Mayi, sindinayambe n'komwe!"

"Vuto lake ndi limenelo, bwana," anatero akutikita m'maso. "Mukayamba mundidzutse."

Ansembe a parishi, Bambo Tuohy, anawadandaulira kuti amawagonera m'tchalitchi Lamulungu lililonse.

"Kumene kuja ndimagona mwaulemu, Bambo. Kuno ndiye ndimamasuka."

Amene anauona bwino mkononowu ndi Cathal Brosnan, mlimi wa nkhosa wa kuphiri. Cathal ankacheza ndi galu wake yekha, nayenso mwa mluzu. Tsono mwana wake Orlaith anapeza mwamuna, ndipo paphwando la ukwati bambo wa mkwatibwi amayenera kuimirira n'kuyankhula. Cathal anasiya kudya. Mkazi wake Nuala anachita kumukokera ku kalabu ngati nkhosa yokana dibi.

Ulendo woyamba anatulutsa pepala, thukuta lili kamukamu. "Ukwati ndi maziko a chitukuko cha..." Mkonono. Sabata yotsatira, mkonono. Ulendo wachitatu magazi anamuwira.

"Mayi inu! Ndasiya nkhosa zikubereka kuti ndidzaonerere inu mukugona?"

Diso limodzi linatseguka. "Zikubereka? Wazisiyira ndani?"

"Orlaith. Amene uja nkhosa amazidziwa kuposa ine. Ali wamng'ono anabisa kamwana ka nkhosa kamasiye m'bedi mwake nyengo yonse yachisanu. Mayi ake ankadabwa kuti mabulangete akutha ndi chiyani. Kenaka kankhosako kanamutsatira kusukulu, n'kukadya chipewa cha aphunzitsi."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Cathal atacheuka anapeza mayi ali tsonga, maso ali gwa.

"Pepalalo ukakolezere moto, mwanawe. Ukanene zimenezi."

Tsiku la ukwati Mayi Geraghty anakhala patebulo lakutsogolo, atakhuta mbatata ndi nyama yowotcha, atamwanso katambula ka vinyo. A kalabu onse anagwira mitima poopa mkonono. Cathal anaimirira nayamba nkhani ya kankhosa kaja. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Pomaliza anatembenukira kwa mkwati.

"Mkamwini, mwana amene sanalole nkhosa kugona panja, iwenso sadzakugoneka panja. Pokhapokha utalakwa zedi."

Orlaith anathamanga n'kukumbatira bambo ake akulira, holo yonse itaimirira. Nawo Mayi Geraghty masaya anali onyowa.

"Mukulira, mayi?" anafunsa Nuala.

"Choka apa! Ndi utsi wa makandulowa."

Kuyambira pamenepo kalabu inasefukira. Kunabwera asodzi, anamwino, amakanika, ngakhale Bambo Tuohy amene. Chaka chotsatira anapita kumpikisano wa chigawo chonse, kukakumana ndi maloya a mumzinda ovala masuti onyezimira. Mlimi wa nkhosa anawapondereza onsewo, ndipo chikho chinabwerera ku Ballyroon m'basi, anthu akuimba njira yonse. Mayi anachiika pashelefu m'butchala, pakati pa masoseji.

Chifuwa ndicho chinawatenga, mvula yachisanu itangoyamba. Pamaliro pawo ofuna kuyankhula anachita kufola mzere, amuna omwe kale moni ankangopereka ndi chibwano. Aliyense ananena zake mwachidule, zogwira mtima, n'kukhala pansi.

Lero kalabu ili m'manja mwa Cathal, ndipo mipando imachepabe. Koma Cathal ndi munthu wachifundo. Amamvetsera aliyense mpaka kumapeto, n'kumuombera m'manja. Anthu amatuluka akumwetulira, koma pokwera galimoto aliyense amadzifunsa ngati wayankhuladi bwino kapena angomumvera chisoni. Mu Ballyroon monse simunapezekebe wina woti n'kumufunsa.