Mlatho wa Paso Hondo Womwe Tikubweza Ngongole Yake

Paso Hondo,
Tsidya lino la mtsinje wa Guayabal.

Olemekezeka a Nduna a Zachuma,

Ndagwada, bwana. Ine ndine Eufemia Cárcamo, mayi wamasiye, wowolotsa anthu pa bwato la injini kuno ku Paso Hondo. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndiye mukapeza mawu opotoka m'kalatamu musandizenge mlandu. Olakwa ndi boma lapita lija.

Lachiwiri ndinakumvani pa wailesi ndikukazinga nthochi. Munati ngongole ya dziko yafika m'khosi, moti munthu aliyense, ngakhale khanda lobadwa lero, ali ndi gawo lake la mapeso 90,000. Munati anatiika m'dzenjemu ndi a chipani cha Nyenyezi. Madzulo ake a Nyenyezi anayankha kuti ayi, ndi inu a Chikwanje. Nthochi zinapserera ndikumvetsera, koma mtima wanga unadzaza ndi kuthokoza, ndipo ndati ndikupatsireni.

1. Zikomo chifukwa cha mlatho. Ndalama zake zakongoledwa kunja katatu, ndipo katatu konseko kwabwera akuluakulu ndi oimba malipenga kudzaika mwala wa maziko. Miyala itatuyo ilipo, ndi yolimba zedi, ndimamangirirapo bwato. Mukanaumanga mlathowo, ine bwenzi ndikudya chiyani? Sindinaonepo maboma osamala geni ya mayi wamasiye ngati atatu amenewa.

2. Zikomo chifukwa cha kudzichepetsa kwanu. Pa wailesi paja simunadzitame n'komwe kuti pa mwala wachiwiri munalipo, muli wachiwiri kwa nduna, mutavala malaya a Nyenyezi. Anakuwolotsani ndine. Munachita nseru, ndinakupatsani ndimu kuti mununkhize, inu n'kunditcha mayi wa fuko. Mapeso makumi awiri a ulendowo musavutike nawo, ndinawaphatikiza ku ngongole ya dziko. Don Chepe wometa tsitsi amakunenani kuti ndinu bilimankhwe. Ine ndimamukalipira kuti asiye mwano: bilimankhwe amayenda monyang'wa, pomwe inu kuchoka ku Nyenyezi kufika ku Chikwanje zinangokutengerani sabata imodzi.

3. Zikomo chifukwa chosamala ndalama. Kuti eni ngongole asakwiye, munakweza msonkho wa mafuta, n'kutseka kachipatala kathu, namwino n'kumusamutsira ku tauni, tsidya linalo. Apa ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono.

Pa 9 Okutobala mvula inali itagwa masiku anayi osakata. Mtsinje unadzaza mpaka kumiza miyala yanu yonse. Cha m'ma teni m'mawa, Wilmer Zelaya, mlimi wa khofi wa kumtunda, anafika pa doko ndi abale ake atanyamula mkazi wake Yesenia pa machila. Matenda anali atayamba dzulo lake, mwana osatuluka. Ndinakana. Madzi otero ndi amene anatenga mwamuna wanga Nicanor, ndipo mtembo wake sitinauone mpaka lero. Wilmer anandigwira miyendo m'matope momwemo, amvekere, "Doña Femia, mukakana ndiye kuti mwaika awiri m'manda." Tinakwera.

Ulendo wa mphindi khumi unatitengera ola ndi theka. Zipika zinkagunda bwato, injini inazima kawiri. Tili pakatikati ndinamusiyira Wilmer chiwongolero, ine n'kugwada pa Yesenia. Mwana anabadwira m'manja mwanga monunkha dizilo, mchombo ndinadula ndi mpeni wotumbulira nsomba. Koma magazi sanaleke. Titakocheza tinaimbira ambulansi, anati ilibe mafuta. Yesenia anafunsa ngati mwanayo ndi wamkazi, tinati inde, anamwetulira. Anatsirizikira pa mchenga pomwepo, ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Pa maliro panabwera makhansala awiri, wa Nyenyezi ndi wa Chikwanje, aliyense ndi nkhata ya maluwa yolembedwa dzina lake. Anakanganirana pa manda za amene anadya ndalama za mlatho, mpaka wansembe anawapempha kuti akapitirizire kumsewu. Khofi ndi buledi wa pamaliro ndiye anagwirizana, makapu awiriawiri.

4. Zikomo chifukwa simunamuiwale mwanayo. Dzina lake ndi Milagros, akukula ndi mkaka wa mbuzi. Mayi alibe, kalata ya kubadwa alibe, koma gawo lake la ngongole munamusungira lathunthu. Wilmer amati akamamuyang'ana amasowa chomuuza. Ine ndinamulangiza kuti adikire, akuluakulu akadzamaliza kufufuza wolakwa adzatiuza pa wailesi.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, bwana. Ndamva kuti chisankho chayandikira ndipo mubweranso kuno. Chonde musabwere pa ndege, mubwere pa galimoto, nyengo ya mvula. Mutengane ndi anzanu a Nyenyezi, bwato langa limakwana anthu asanu ndi atatu, ndipo ndidzakuwolotsani ulere nonse pamodzi. Nkhani ya amene anakongola mukaimalizire pakati pa mtsinje, pamene palibe wailesi. Ndingokuchenjezani mwaulemu kuti madzi akadzaza, bwato limafuna anthu okhala pansi, manja onse akukapa madzi. Wina akangoimirira kuti aloze mnzake chala, timamira tonse.

Ine wanu wogwada m'matope a pa doko,

Eufemia Cárcamo