Mfutso wanga pa pepala la Tikambe

Manyazi ndikali nawo, koma nkhaniyi yamveka kale Msanzala yonse, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Mdzukulu wanga Tikambe ali geledi seveni. Aphunzitsi ake, amai Lungu, anapatsa mwana aliyense chipepala chachikulu kuti ajambulepo ntchito imodzi ya kunyumba: zithunzi zambili, timivi tolozela, mawu ochepa, kuti munthu akangoona amve. Ojambula bwino, mapepala awo akapachikidwa pakhoma la kalasi. Tikambe anasankha kafutsidwe ka chibwabwa, ndipo womuuza zonse ndinali ine (sukulu sindinapiteko, koma pa mfutso palibe angandiphunzitse).

Mwana anajambula masiku atatu. Poti pepalalo linali kupindika, analiyala chafufumimba pathandala, n'kulipsinja ndi miyala kuti liwongoke, iye ulendo kumjigo.

Ine apo ndatelula chibwabwa pamoto, mphasa yoyanikapo yadzala nshawa. Kuyang'ana pathandala, chinthu choyela mbee, chosalala, miyala yoikilatu m'makona. Ndinati mumtima, mwana uyu wayamba kuganizila ambuya ake. Ndinakhuthula ndiwo zonse, zotentha, madzi akali kudontha, n'kusalaza bwinobwino ndi manja.

Tikambe pobwela anagwetsa chigubu.

"Ambuya! Mwachita chiyani?"

"Ndayanika. Suona?"

"Mwayanika pa ntchito yanga! Tipeleka kusukulu mailo m'mawa!"

Kutembenuza pepala, mayo ine! Pamwamba zithunzi zinalipo, koma pansi inki yonse inayendelela. Mzimayi amene anamujambula akuyanika ndiwo (akuti ndinali ine ameneyo) anasanduka chule. Pepala lina kunalibe. Tsiku limenelo mwana sanadye.

M'mawa ndinaphika phala lomatila, n'kumuitana. Pamene panafufutika tinamatapo zinthu zenizeni: tsamba laliwisi, lofutsa, louma. Kenako ndinamanga chitenge cha kutchalitchi.

"Tiye. Wolakwa ndine, kukayankha ndine."

Titalowa m'kalasi, ana anaseka onse. Wina kumbuyo anakuwa, "Ambuya abwela kuyamba geledi wani!"

Amai Lungu anatambasula pepala, n'kulinunkhiza.

"Ambuya, kodi linagwela mu mphika?"

"Iyayi amai, mphika ndiwo unagwela pepala. Mwanayu musamulange."

Anaganiza pang'ono. "Tikambe, iwe khala chete. Ambuya, tiwelengeleni. Mukakhoza, ndiye kuti lagwila ntchito."

Ine chilembo ngakhale cha dzina langa sindichidziwa. Koma ndinaika chala pa kamuvi koyamba n'kukatsata: apa akuthyola, apa akusadzula, apa mphika, apa padzuwa, apa akukulunga m'chikwatu.

"Aaa, amadziwa kale!" anatelo ana. "Ndi ntchito yawo!"

Zinandiyabwa. Ndinati, "Bweletsani lina."

Anandipatsa la mwana wina. Ndinaliyang'anitsitsa. Chitini cha madzi, timazila, tinyongolotsi, kenako kachilombo ka miyendo yaitali, munthu wafunda bulangete akunjenjemela.

"Uyu ndi udzudzu. Ubadwila m'madzi a m'zitini. Ndipo uyu malungo amugwila chifukwa neti yake anachingila nayo anapiye."

M'manja mmene ana anaombela! Apo m'pamene ndinapitilila muyeso. Ndinayamba kuzungulila mabenchi, kuwelenga la uyu, kudzudzula la uyo (mbuzi ya miyendo itatu sindikanaileka). Amai Lungu anatsokomola kawili, ine osamva, mpaka belu linalila, masamu osaphunzila.

Pepala la Tikambe analikhomela pakati penipeni, masamba ake ali lendelende. Mwana anandigwila dzanja pamaso pa anzake, osachita manyazi.

Tsopano pepala lililonse ndimayamba ndalitembenuza. Komabe tsiku lija potuluka ndinafunsa amai Lungu ngati atsala nawo ena owonongeka, pakuti kunena zoona mfutso uja unali kuuma bwino kuposa wa pamphasa. Tikambe anandikoka chitenge asanayankhe.